Momwe mungasamalire wodwala amene akubanika popuma

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatsika kuchokera m'phiri la Zomba, odwala chibayo, mphumu ndi mtima amavutika kwambiri kupuma. Amene amayamba kuona vutoli kawirikawiri ndi wachibale wodikirira wodwalayo, kaya ndi kunyumba ku Chinamwali kapena m'wodi ku Zomba Central Hospital, choncho m'pofunika kuti wodikirirayo adziwe zochita namwino asanafike.

Choyamba, mukhazikeni tsonga wodwalayo ndi kumutsamiritsa kukhoma kapena pa mapilo, chifukwa munthu wobanika akagona chagada mapapo ake satambasuka bwino. Masulani zovala zothina ndipo tsegulani zenera. Ngati m'chipindamo muli mbaula, itulutseni ngakhale kukuzizira, pakuti makala oyaka amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umalanda malo a okosijeni m'magazi.

Kenaka werengani kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi kapena foni, ndipo kukwera ndi kutsika kwa chifuwa mukuwerenge ngati kamodzi. Ambiri amalumpha apa n'kungonena kuti wodwala akupuma mothamanga, pamene nambala ndi imene imathandiza dokotala. Munthu wamkulu amene wangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Ana amapuma mofulumirapo, koma khanda losakwana miyezi iwiri likafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40, ndiye kuti akupuma mopitirira muyezo ndipo chingakhale chibayo. Mwana awerengedwe atatonthola, chifukwa kulira kumasokoneza nambala. Lembani zimene mwapeza pamodzi ndi nthawi yake.

Mukatero onani mmene magazi akuyendera. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo muwerenge kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu kumakhala ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Finyani chikhadabo mpaka chiyere n'kuchisiya. Chikatenga masekondi oposa atatu chisanabwerere mtundu wake, magazi sakufika bwino kuzala. Pa khungu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, n'chifukwa chake muyenera kuyang'ana lilime ndi nkhama. Zikayamba kuoneka zabuluu, kapena wodwala akamalephera kumaliza mawu, akamabwebweta, kapena chifuwa cha mwana chikamalowa mkati pokoka mpweya, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuchipatala namwino amapana chala ndi kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 wodwala amaikidwa timapaipi m'mphuno kapena chophimba pakamwa ndi mphuno. Apa ndi pamene achibale ena amachita mantha, poti mphekesera yakuti okosijeni amapha inazika mizu m'midzi ndi m'matauni momwe. Zoona zake n'zakuti amene amaikidwa okosijeni ndi odwala amene afika kale atafooka, ndipo akamwalira chimene chawatenga ndi matendawo. Musachotse timapaipito namwino akatuluka, musapotokole chowonjezera mpweya, ndipo musayatse kandulo kapena fodya pafupi, chifukwa okosijeni amakoleza moto. Makina ena opereka okosijeni amadalira magetsi, choncho akazima itanani namwino msanga.

Wodwala amene sangathe kudzuka mutembenuzeni maola awiri alionse kuti makhololo asadzadzane m'mapapo komanso kuti asatuluke zilonda pamsana, ndipo muzimupinda ndi kumuwongola miyendo kuti magazi asaundane. Phala ndi madzi mupatseni pang'onopang'ono atakhala tsonga. Akamatsamwa kapena akakhala kuti sakutsitsimuka bwino, lekani kumudyetsa, mugonekeni cham'mbali ndipo muwadziwitse anamwino.