Momwe mungafikitsire ntchito yoyeza HIV kwa asodzi ndi ogula nsomba m'madoko a Mangochi

Mlovi, kapena kuti wantchito wa m'boti la usodzi, amene amasodza ndi ukonde waukulu wa chilimira amalowa m'madzi dzuwa likupendeka, n'kutuluka m'bandakucha. Akagulitsa usipa n'kuyanika ukonde amagona, ndipo podzuka chipatala chimakhala chatseka. Tikamati amuna a kunyanja safuna kuyezetsa timawanamizira. Ambiri sitinawapeze pa nthawi yawo. Kafukufuku wa za HIV wa dziko lonse wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse amene ali ndi HIV m'Malawi, 88 ndiwo ankadziwa, ndipo amuna adatsalira kumbuyo kwa amayi. Nazi njira zoyenera kutsata pokonza zokayeza ku Msaka, Malembo, Chembe, Makanjira kapena m'mbali mwa nyanja ya Malombe.

Yambani ndi eni doko

Pitani kaye ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi kapena kuchipatala choyandikana ndi dokolo. Kumeneko n'kumene kumachokera zida, kaundula ndi aphungu ophunzitsidwa. Munthu wosaphunzira ntchitoyi asabaye chala cha mnzake. Kenako kaonaneni ndi amfumu, komiti ya doko ya BVC, mashehe ndi abusa. Koma amene amamasula alovi ndi mwini zida zophera nsomba. Iye akati lero tikonze injini, palibe abwere. Mupempheni akupatseni alovi awiri kapena atatu omwe anzawo amawamvera, ndipo kwa amayi oyanika nsomba pamathandala musankhenso chimodzimodzi. Amenewa ndiwo aziitana anzawo, osati galimoto ya zokuzira mawu.

Tsiku likhale la nyanja, osati la ofesi

Chilimira cha usiku chimadalira nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri usipa suunjikana ndipo maboti ambiri amakhala pamtunda. Sabata imeneyo ndi yanu. Masiku a mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, amasunganso anthu pagombe. Lachisanu masana siyirani mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan ndi bwino kuyamba anthu atamasula. Amayi ogwira ntchito m'mabala ndi m'malo ogona alendo ku Monkey Bay kapena pa boma muwapeze chakumadzulo makasitomala asanachuluke, m'chipinda chimene asankha okha.

Pa tenti pasalembedwe HIV

Apa m'pamene ntchito zambiri zimafera. Pa doko aliyense amadziwa mnzake, ndipo tenti yolembedwa HIV imasanduka bwalo loonerera. Bweretsani zinthu zingapo pamodzi: mankhwala a likodzo, amene aliyense wokhala m'madzi amawafuna, kuyeza BP, kuona matenda opatsirana pogonana ndi makondomu. Wolowa asadziwike chimene walowera.

Khomo liyang'ane kutali ndi mathandala ndi poimika kabaza, ndipo potulukira pakhale pena. Aliyense akhale mkati nthawi yofanana. Anthu amawerengera: wina akatuluka msanga, wina n'kuchedwa theka la ola, pofika madzulo doko lonse lagamula kale. Mphungu adziwe Chiyao, koma ngati n'kotheka asakhale wa m'mudzi womwewo. Mwamuna wamkulu saulula za chibwenzi chake kwa mwana wa mlamu wake.

Zida ndi kutentha kwa Mangochi

Zida zoyezera zimafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 30. Mu Okutobala ndi Novembala mkati mwa tenti kapena galimoto yotseka kumatentha kuposa pamenepo, ndipo chida chophikidwa ndi dzuwa chikhoza kunama. Nyamulani m'bokosi losunga kuzizira, liikeni pamthunzi, muzitulutsa chimodzichimodzi. Onani tsiku lothera ntchito musananyamuke. Musaiwale magolovesi, thonje, bokosi lotayiramo zobayira, wotchi, tochi ngati muyeza usiku, ndi tebulo losapendekeka lotalikirana ndi mchenga wouluka. Zala za alovi n'zolimba ndi zingwe: bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, ndipo musachifinye mwamphamvu.

Kuyeza kwenikweni

Lamulo la HIV la 2018 limafuna kuti munthu avomere yekha ndipo zotsatira zikhale zachinsinsi. Wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kuvomera payekha. Mwini zida zophera nsomba, mwamuna wa munthu kapena mwini bala alibe gawo lomva zotsatira za wina, ngakhale atakhala kuti ndiye anakuthandizani kusonkhanitsa anthu.

Musanabaye funsani mafunso awiri. Loyamba: "Kodi munayamba mwamwapo ma ARV?" Ena amabwera kudzayesa ngati kachilombo kanatha atapemphereredwa kapena atamwa zitsamba, ndipo mankhwala akhoza kuchititsa kuti chida chisaonetse. Lachiwiri: "Mwagonana liti komaliza popanda kondomu ndi munthu amene simukudziwa momwe alili?" Ngati sipanadutse maola 72, munthuyo akufunika PEP, mankhwala oteteza munthu amene wangokhala pachiopsezo chotenga kachilombo, lero lomwe, amwe kwa mwezi wathunthu.

Chida choyamba, Determine, chimawerengedwa pakatha mphindi 15. Mzere wa anthu ukatalika mphungu amakopeka kuwerenga msanga, pamene kamzere kofooka kasanatuluke. Ikani wotchi, ndipo lembani nambala pa chida chilichonse kuti zisasokonekere. Chida chimodzi sichikwanira kuuza munthu kuti ali ndi kachilombo. Chikaonetsa mizere iwiri, pitirizani ndi zida zotsimikizira monga mwa ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, ndipo zikasemphana musagamule: muuzeni momveka kuti zotsatira sizinatsimikizike, mumupatse tsiku lobwerezanso.

Kwa amene safika pa tenti

Ena sadzabwera ngakhale mutatani. Apatseni chida chodziyezera okha cha OraQuick kudzera mwa alovi anzawo aja. Muwaonetse ndi manja, osangopereka pepala: asadye kapena kumwa kanthu kwa mphindi 15, apititse kathabwa koyezera kamodzi pa nkhama zam'mwamba ndi kamodzi zam'munsi, akaviike m'kabotolo, awerenge pakatha mphindi 20 koma zisanakwane 40. Mzere umodzi pa chilembo C ndiye kuti kachilombo sikanapezeke. Mizere iwiri, ngakhale wachiwiri uli wofooka, apite akatsimikize. Popanda mzere pa C chidacho chalephera. Mayi akafuna kutengera mwamuna wake, mufunseni poyamba ngati kunyumba kuli nkhanza. Ngati akuopa, musamukakamize.

Zotsatira zikatuluka

Wopezeka alibe asangouzidwa kuti zikomo. Ngati anachita zoika moyo pachiswe m'masabata apitawa, kachilombo kakhoza kukhala kasanaoneke, choncho mulembereni tsiku lobweranso. Mayi amene amapeza nsomba pogonana ndi alovi sangathe nthawi zonse kukakamiza kondomu. Muuzeni za PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo kuti asakatenge, popanda kumuweruza, ndi komwe angaipeze. Amuna auzeni kuti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata wotenga kachilombo ndi pafupifupi 60 pa 100 koma suthetsa, ndipo amene anapita ku jando asadziyese otetezeka.

Wopezeka nako ndiye mwini ulendo wonsewu. Kuyambira 2016 m'Malawi aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala osadikira kuti adwale, ndipo ambiri amamwa piritsi limodzi pa tsiku. Kungomupatsa kalata yopita nayo kuchipatala n'kumutaya: mawa nsomba zikasamuka, iye wapita nazo ku Makanjira kapena kutsidya ku Salima. Bwerani ndi namwino kapena dokotala woyambitsa mankhwala pomwepo. Zikakanika, munthu amene ali kale pa ma ARV amuperekeze tsiku lomwelo ku Monkey Bay, Malindi, Koche kapena chipatala chilichonse chimene iye wasankha, ngakhale chakutali ndi kwawo.

Mufotokozereni kuti akamamwa mosadumphitsa, magazi ake adzayezedwa pakatha miyezi 6, ndipo tizilombo tikachepa mpaka kusaoneka sangapatsire mkazi wake pogonana. Amuna ambiri mawu amenewa ndi amene amawakhazika mtima pansi. Za kuyezetsa kwa akazi ake onse, zibwenzi ndi ana, kambiranani akapuma, ndipo asankhe yekha njira yowafikira.

Musanasiyane funsani za maulendo ake. Ngati akupita ku Joni kapena kukasodza kutali, anene kuchipatala asananyamuke kuti aone za mankhwala okwanira ulendowo. Kabuku ka kuchipatala ndi mabotolo azikulunga m'pepala la pulasitiki, chifukwa m'boti mumalowa madzi, ndipo kabukuko ndi kamene kangamuthandize kulandira mankhwala pachipatala china akamuthera ali kutali. Lembani nambala ziwiri za foni ndi dzina la boti lake, mugwirizane mawu oti muzinena ngati foni wayankha ndi munthu wina, kenako mumuimbire sabata isanathe.