Momwe mungaonere kambalame ka mutu wofiira ku Darwin

Amene muli kumpoto kwa Australia, kambalame aka musakaphonye. Dzina lake ndi red-headed myzomela, ka m'gulu la mbalame zotchedwa honeyeater. Kutalika ndi pafupifupi masentimita 12 okha, ndipo mlomo wake ndi wowonda, wokhotera pansi. Mukakaona mudzati ndi choso wa kwathu, koma si pachibale. Kamakhala m'mitengo ya mangrove, yomera m'matope a madzi amchere.

Choyamba, pezani ma binoculars. Olembedwa 8x42 akukwanira. Chenjerani ndi otchipa a pa intaneti aja olembedwa manambala aakuluakulu. Chinyontho cha ku Darwin chikangowalowa, mkati mumachita nkhungu, wogulitsayo foni osayankhanso. Bola kubwereka.

Kenako lawirirani ku East Point, paki ya m'mbali mwa nyanja ku Darwin komweko, komwe kuli kanjira kolowa m'mitengo ya mangrove ija. Kulowa ndi kwaulere.

Apa ndiye pofunika kumvetsera. Musanyamuke musanaone ndandanda ya nthawi yomwe nyanja idzadze ndi kuphwa. Ku Darwin madzi amatha kukwera ndi mamita oposa 7. Ine ndinafika madzi atamiza kanjirako, ndipo ndikudikira kuti aphwe, tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu tinandizinga. Sitimveka kulira, mumangozindikira khungu likuyabwa, zidzolo mbwee miyendo yonse, mpaka masiku angapo. Timavuta kwambiri m'mawa ndi madzulo, makamaka mwezi ukakhala wathunthu, pomwenso m'mawamo ndi pamene mbalame zimadya. Ndiye valani malaya a mikono yaitali, buluku ndi sokosi ngakhale kukutentha, mudzolenso mankhwala othamangitsa tizilombo. Ogulidwa ku supamaketi amagwira bwinobwino. M'matope musatsikemo, kuli ng'ona.

Mukafika, sakani mtengo wa maluwa, imani phee. Kamabwera kokha. Katambala kali ndi mutu wofiira psuu, pamwamba pa mchira pofiiranso, kwinako ndi kotuwa moderako. Kakakazi n'kotuwa, kufiira pang'ono pachipumi ndi pammero basi. Sikakhazikika, kamalumpha duwa ili duwa ilo, nthawi zina kuzondoka, n'kumamwa timadzi ndi lilime lake lamanyenje kunsonga. Tizilombo kamadyanso. Atambala akakumana pamtengo umodzi amathamangitsana, ndipo nthawi zambiri m'pamene mungawaone msanga.

Mukaona kotuwa kokhala ndi kadontho kachikasu kuseri kwa diso, koimba mokweza, ameneyo ndi brown honeyeater, wina uyo. Zojambula ndi foni ingozisiyani.