Dandelion wotendera, kaphikidwe kake kwa ife tili ku UK

Abale amene muli kuno ku UK, kuyambira March mpaka May mumaona timaluwa tachikasu tija tangoti mbwee pa kapinga, eni dziko amalimbana nato kuti ndi tchire koma masamba ake ndi ndiwo zenizeni, dzina lake dandelion. Ngati luni mumadya bwinobwino kumudzi ndiye izi simuvutika nazo olo pang'ono.

Nkhani yonse yagona pa kathyoledwe. Sankhani masamba anthete duwa lisanatuluke, akakhwima amawawa zoopsa moti ana sangayerekeze. Tsamba lake ndi la manomano, limamera mozungulira pansi penipeni, duwa limakhala limodzi pa phesi lamphako ndipo mukalithyola pamatuluka utomoni woyera. Chonde musasokoneze ndi ragwort, nayo ndi yachikasu koma imatalika nkukhala ndi maluwa ambiri pamwamba, imeneyo ndi poizoni. Pewani m'mbali mwa msewu, mmapaki momwe mumayenda agalu, ndi kapinga wopopera mankhwala. Thyolani masamba okha, kuzula pamalo a eni osapempha, lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa.

Mukafika kunyumba tsukani kangapo coz mchenga umabisala kutsinde. Wiritsani madzi othira mchere, ikani masamba mphindi 3 basi, madzi obiriwira aja tayani, ndi amene amatenga kuwawa kwambiri. Finyani ndi manja, duladulani.

Kenako mpoto muikemo matimati awiri, madzi pang'ono ndi masamba aja, zikabwata thirani nsinjiro masupuni atatu, ngati nsinjiro mulibe, peanut butter wopanda shuga amagwira ntchito bola mumusungunule kaye m'kapu ndi madzi ofunda kuti asachite mibulu. Chepetsani moto, takasani ndi mthiko pafupipafupi mphindi ngati 10 chifukwa nsinjiro sizichedwa kupserera pansi. Soda ine sindithira, masambawa amafewa okha. Koyamba sakanizani theka ndi theka ndi spinach kuti pakamwa pazolowere. Ku Greece amangowiritsa nkuthira olive oil ndi mandimu, nazonso zimakoma koma pa nsima zotendera ndiye zimatsikira.

Dziwaninso kuti dandelion amakodzetsa, ndipo ali ndi vitamin K wambiri, ndiye amene mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena mapilisi a BP funsani kaye a GP musanayambe kudya pafupipafupi.