Pateni yolukira ili ndi mwini wake: malangizo kwa magulu a amayi oluka ndi opeta

Mwezi wa May ukamatha kuno ku Mzuzu, nkhungu itayamba kukuta Chibavi ndi Mchengautuwa m'mawa, amayi oluka sapuma. Maoda a majuzi a ana a sukulu, zipewa, mashawelo ndi timasokosi ta makanda amachuluka. Nthawi yomweyi ndi imene mapateni amauluka pa WhatsApp kuchoka gulu lina kupita lina, ndipo ndi nkhani imeneyi ndikufuna tikambirane, amayi anga.

Pa gulu lina limene ndimayendera, mayi wina anakhala miyezi itatu akupanga pateni ya juzi ya khanda yokhala ndi timasamba pachifuwa. Ankaluka, kumasula, kulukanso, mpaka ulusi unachita kupotana. Mzere uliwonse ankaulemba m'kope la mwana wake: apa onjeza awiri, apa chepetsa atatu. Atamaliza anakatayipitsa m'tauni n'kuyamba kugulitsa. Wogula wachitatu anajambula mapepalawo ndi foni n'kuponya pa gulu. Sabata isanathe aliyense anali nayo, ndipo mayi uja sanagulitsenso ngakhale imodzi. Woponyayo sanali woipa mtima, ankangoti akuthandiza anzake. Koma zinandiwawa kuona mayi uja akupinda kope lake mwakachetechete.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza zolembedwa ndi zojambula zimene munthu wapanga ndi nzeru zake. Chitetezocho chimayamba ntchitoyo ikangolembedwa kapena kujambulidwa, ndipo chimakhalapo moyo wonse wa mwiniwake ndi zaka 50 atamwalira. Malawi analowanso m'pangano la Berne, la mayiko ogwirizana kutetezerana ntchito zaluso, mu 1991, choncho pateni ya munthu wa ku Johannesburg kapena London ndi yotetezedwa kuno ngati yathu yomwe.

Apa mumvetse bwino, chifukwa ena amachita mantha opanda pake. Lamulo silitseka luso. Kalukidwe kamene munaphunzira kwa agogo, kagwiridwe ka singano, kapetedwe ka duwa pa nsalu ya patebulo, zimenezi ndi za tonse. Phunzitsanani momasuka pakhonde. Chimene chili ndi mwini ndi pepala lenilenilo: mawu amene wina anasanja, tchati cha timabokosi chimene anajambula, zithunzi zimene anatola. Kulichita fotokope n'kumagawa, kulijambula n'kutumiza pa gulu, kapena kufufuta dzina la mwini n'kulembapo lanu, kumeneko ndiko kulakwa. Kusalipiritsa sikuchotsa mlandu. Ngakhale pateni yaulere ya pa intaneti ili ndi mwini. Mnzanu muuzeni komwe munaipeza akatenge yekha.

Nanga juzi yolukidwa potsatira pateni ya wina, mungakaigulitse ku msika wa Zigwagwa? Werengani zimene mwini analemba pa pepalalo. Ambiri amalola, ena amangopempha kuti muwatchule dzina. Ngati sanalembepo kanthu ndipo mukumudziwa, mufunseni. Uthenga umodzi wa pa foni ndi wokwanira, ndipo yankho lake musalifufute.

Gulu likafuna pateni imodzi, musagule imodzi n'kuchulukitsa mobisa. Kambiranani ndi mwini wake mtengo wa gulu lonse, mutape m'thumba la gulu, mumutumizire pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndaona eni mapateni akutsitsa mtengo mosavuta akafikiridwa mwaulemu chotere.

Inu amene mumapanga mapateni anuanu, lembani dzina lanu ndi chaka pa tsamba lililonse, osati loyamba lokha, chifukwa wojambula ndi foni amayambira paliponse. Onjezani chiganizo chimodzi chonena zimene mukulola ndi zimene simukulola. Kope loyamba lija, lodetsedwa ndi zofufutafufuta, musaliyatsire mbaula. Ndi umboni woti ntchitoyo inachokera m'mutu mwanu. Wina akakuberani, yambani ndi kukambirana pamaso pa wapampando wa gulu. Zikakanika, bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, limathandiza pa nkhani za umwini. Anthu ambiri amalidziwa pa nkhani za oyimba, koma olemba ndi ojambula nawonso ndi ake. Popita kumeneko tengani kope lanu, pepala lotayipa, ndi chithunzi cha uthenga umene pateniyo inagawidwira.