Momwe mungasankhire masipika oimika pansi ngati pabalaza panu ndi papakulu

Kuno ku Dedza munthu akagulitsa kachewere n'kumalizitsa nyumba, chimabwera mmutu ndi choti pabalaza pazimveka nyimbo. Ndiye amakwera wa ku Lilongwe, n'kukagula masipika aataliatali aja chifukwa pasitika alemba nambala yaikulu ya mphamvu ngati 5000W PMPO, kufika nawo kunyumba mawu ake kumangomveka ngati akuimbira mu mgolo. Zimandiwawa ndithu chifukwa ndalama zake sizochepa. Ndakhala ndikulumikiza zoimbira zakwathu ndi za abale kwa nthawi yaitali, ndipo chomwe ndaona n'chakuti sipika imasankhidwa ndi chipinda chanu ndi khutu lanu, sitika isakuputsitseni.

Choyamba, yezani chipinda

Tengani tepi. Ngati pabalaza pali mamita 6 mulitali ndi 5 mulifupi kapena kupitirira apo, masipika oimika pansi ndi oyenera. Kachipinda ka mamita 3 ndi 3 musavutike nawo, bezi yake ingokuzunguzani mutu. Yezaninso kuchokera pomwe masipika adzaime kukafika pa sofa, chifukwa mawu amachepa mphamvu mukamatalikira.

Kenako imani pakati pa chipinda muombe m'manja kamodzi, phwa! Mukamva kakulira kotsalira ndiye kuti chipinda chimabweza mawu. Nyumba zathu zambiri ndi simenti kapena matailosi pansi, makoma a pulasitala, mawindo agalasi, zina malata opanda siling'i, zonsezi zimabweza mawu moti ngakhale sipika yodula bwanji imamveka yaphokoso. Patulanitu kandalama ka makatani okhuthala ndi kapeti, ngakhale mkeka waukulu pakati pa sofa ndi masipika umathandiza. Ngati siling'i mulibe, ine ndinganene kuti yambani kaye siling'iyo, mvula ikamagwa pamalata palibe sipika yomwe mungaimve bwino.

Chachiwiri, manambala atatu akumbuyo

PMPO muiwale, ndi nambala yokopera ogula basi. Zunguzani sipika muwerenge kalebulo kakumbuyo.

Yoyamba ndi sensitivity, amalemba ngati 87 dB kapena 91 dB. Imanena kukwera kwa mawu sipika ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi patsogolo pake. Apa ndi pomwe pagona nkhani ya chipinda chachikulu, chifukwa kuti mawu akwere ndi 3 dB yokha amplifaya, makina opatsa masipika mphamvu aja, imayenera kutulutsa mphamvu kawiri. Ndiye sipika ya 90 dB pa amplifaya ya mawati 50 imalira chimodzimodzi ndi ya 87 dB pa mawati 100, mwaona? Pabalaza papakulu funani ya 89 kapena 90 kupita mmwamba. Masipika a Klipsch amadziwika ndi nambala yokwera imeneyi, koma musathamangire dzina, ena amati mawu ake ndi akuthwa.

Yachiwiri ndi ma ohm, 4, 6 kapena 8, nambala yosonyeza momwe sipika imakokera moto ku amplifaya. Ya 4 ohm imakoka moto wambiri ndipo amplifaya yofooka imatentha n'kumadzizimitsa. Ngati amplifaya yanu ndi wamba, gwirani ya 8 kapena 6. Yachitatu ndi mawati a RMS, mphamvu yomwe sipika imapirira mosalekeza, amenewo ndiye enieni.

Chachitatu, mawufa ndi bokosi

Chipinda chachikulu chili ndi mpweya wambiri woti ukankhidwe, ndiye wufa, sipika yozungulira yotulutsa bezi ija, ikakhala imodzi ya mainchesi 5 singakwanitse. Funani mawufa awiri a 6.5 pa sipika iliyonse, kapena a 8. Ngati pepala likuti mawu ake a bezi amatsika kufika cha m'ma 40 Hz, bezi gitala muimva yonse popanda sabuwufa, bokosi lapadera la bezi lija.

Onani bowo lotulutsira bezi lili kuti. Likakhala kumbuyo, sipika imafuna kutalikirana ndi khoma pafupifupi hafu ya mita, apo bii bezi imangoti bwuu bwuu osamveka kuti woimba akudina chingwe chiti. Ngati mpata mulibe tengani ya bowo kutsogolo. Gogodani bokosi ndi chala, labwino limayankha mogontha ndiponso limalemera, likamalira ngati katoni lisiyeni.

Chachinayi, amplifaya

Masipika ambiri amtunduwu sadziyendera okha, amafuna amplifaya. Ambiri amaopa yaikulu, koma imene imapsereza matwita, timasipika tating'ono ta mawu aang'ono tija, kawirikawiri ndi yaing'ono imene mwaikweza voliyumu mpaka kumapeto, mawu n'kuyamba kusweka. Gulani yomwe mawati ake a RMS pa mbali iliyonse ali mkati mwa mlingo womwe opanga sipika alemba, makamaka chakumtunda kwake.

Chenjeraninso ndi za kunja. Magetsi athu ndi 230V, zochokera ku UK ndi ku South Africa zimagwira bwinobwino, koma amplifaya ya ku America ndi ya 120V ndipo ya ku Japan ndi 100V, mukangoilumikiza popanda thiransifoma mumva fungo la kupsa. Ikaniponso gadi ngati wa pa TV uja kuti magetsi akabwerera atazima asakuphereni katundu. A sola, inveta yotchipa imalowetsa kam'ng'ung'udza m'masipika, funani ya pure sine wave.

Chachisanu, mverani musanapereke ndalama

Apa musachite manyazi. Nyamulani nyimbo zanu pa flashi kapena pafoni, zomwe mumazidziwa bwino, imodzi ya kwaya, ina ya munthu mmodzi ndi gitala, ina ya ng'oma ndi bezi. Wogulitsa akakweza voliyumu muuzeni mwaulemu, achimwene tatsitsani pang'ono ndimve mawu a munthu. Sipika yabwino imamveka yodzaza ngakhale voliyumu ili pansi, ndipo pa kwaya mumatha kusiyanitsa azimayi ndi azibambo osati onse kuphatikizana phala limodzi. Mverani mphindi khumi kapena kupitirira, ngati makutu ayamba kutopa musitolo ndiye kunyumba zidzaposa.

Ngati ndi za kaunjika, ndipo zina za kaunjika ngati Wharfedale kapena Yamaha zakale zimakhala zabwino kwambiri, chotsani kansalu kakutsogolo. Yang'anani mkombero wa wufa, ukakhala wa siponji umafumbwa ndi zaka, kuukhudza umangoyoyoka. Kankhani wufa pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati, iziyenda mwa myaa, ikamakhula mkati ndiye kuti koilo, kawaya kokulunga ka mkati mwa wufa, inawonongeka. Ikani khutu pa twita iliyonse nyimbo ikulira, nthawi zambiri imodzi imakhala inafa kale. Amene muli ndi mita yoyezera magetsi, sipika ya 8 ohm imawerenga cha m'ma 6, zimenezo ndi zabwinobwino. Ine ndinagulapo peyala ina mothamanga osachotsa kansalu, kufika kunyumba twita imodzi ili zii, ndinafuna yofanana nayo miyezi.

Chomaliza, kunyamula ndi kuika

Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma ndi makilomita opitirira 80 pa M1, musalole kondakitala awapanikize ndi matumba kubuti. Akulungeni m'bulangeti, ngati n'kotheka lipirani mpando.

Kunyumba aikeni motalikirana mamita awiri kapena atatu, sofa ikhale patali chimodzimodzi kuchokera pa iliyonse ngati mafuwa, muwatembenuzire pang'ono kwa inu. Twita ilingane ndi khutu mutakhala pansi. Pakona ayi. Sofa nayonso isagunde khoma lakumbuyo. Waya akhale wakopa wokhuthala, wa 2.5 mm ndi wokwana, ndipo wofiira apite pofiira mbali zonse ziwiri, mukasemphanitsa mbali imodzi bezi imasowa. Ngati waya alibe chizindikiro gunditsani nsonga ziwiri za waya wochokera ku sipika pa batire la tochi la 1.5V, wufa ikatulukira kunja ndiye kuti waya ali kumutu kwa batireyo ndi wa pulasi.

Mabokosi ambiri ndi a MDF, matabwa a utuchi wopanikiza, amatupa akamwa madzi. Auzeni onse a pakhomo kuti pokolopa madzi asafike m'munsi mwake, ndipo ngati timiyendo take tinasowa ikani timatabwa kapena labala. Kuzizira kwa June ndi July kuno kumabwera ndi chifunga, ndiye asakhale pafupi ndi windo lomwe limagona lotsegula. Ngati pali ana kansalu kakutsogolo kazikhala pomwepo nthawi zonse, kachala kamodzi kokha pa twita basi yaphwanyika.