Malangizo kwa okwera akavalo a mpikisano pa kagwiritsidwe ntchito ka chikwapu

Wokwera kavalo wa mpikisano ku Britain amaloledwa kunyamula chikwapu, koma kuyambira chaka cha 2023 bungwe la British Horseracing Authority, lomwe limayendetsa masewerawa m'dzikolo, linakhwimitsa malamulo moti kupitirira malire a maulendo okwapula kamodzi kokha kumaimitsa munthu ntchito kwa masiku angapo, ndipo kupitirira kanayi kumalanditsa kavalo malo amene wapata pa mpikisano pamodzi ndi mphoto yake. Malangizo ano akupita kwa amene akuphunzira kukwera, kwa ogwira ntchito m'makola amene amathamangitsa akavalo m'mamawa, ndiponso kwa aphunzitsi a akavalo amene amauza wokwera zochita asanakwere. Nkhani yaikulu ndi yakuti chiwerengero cholembedwa m'malamulo ndi malire osayenera kudumphidwa, si gawo limene wokwera wapatsidwa kuti alimalize pa mpikisano uliwonse.

Tiyambe ndi chikwapu chenichenicho. Chololedwa ndi chokutidwa ndi siponji kunsonga kwake, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito pa mipikisano yodumpha mipanda mu 2004 ndipo pa mipikisano yopanda zodumpha mu 2007. Kutalika kwake sikuyenera kupitirira masentimita 70 pa mpikisano wopanda zodumpha kapena masentimita 68 pa wodumpha, ndipo kulemera kwake sikuyenera kupitirira magalamu 160. Musanapite kokwera, chipapaseni ndi zala kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro, chifukwa siponji ikakalamba imauma, ndipo msoko ukamasuka mbali yolimba ya mkati imayamba kufika pakhungu la kavalo. Chikwapu chotere chitayeni, musachisoke nokha kapena kuchikulunga ndi tepi.

Pa mpikisano wopanda zodumpha malire ndi maulendo 6, ndipo pa wodumpha ndi maulendo 7. Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 13 February 2023 kwa odumpha mipanda ndi pa 27 March chaka chomwecho kwa enawo, m'malo mwa malire akale a 7 ndi 8. Chimene chimawerengedwa ndi ulendo uliwonse umene wokwera wachotsa dzanja pa zingwe zowongolera n'kukwapula. Kusisita kavalo paphewa ndi chikwapu choloza pansi manja onse ali pa zingwe sikulowa m'chiwerengero, malinga ngati sipanagwiritsidwe ntchito mphamvu yopyola muyeso. Zithunzi za mpikisano zimakaunikidwa pambuyo pake ndi komiti yapadera, choncho munthu akhoza kupita kwawo akusangalala kuti wapambana, n'kudzamva za chilango chake patapita masiku. Langizo langa kwa aliyense ndi lakuti adziikire malire ake otsika, anayi kapena asanu, popeza m'mamita omalizira, mtima ukugunda kwambiri ndipo anthu akukuwa, kusokoneza chiwerengero n'kosavuta ngakhale kwa katswiri.

Chifukwa chimene anaikira chilango cholanda chipambano chimaoneka bwino pa zimene zinachitika pa mpikisano wa Grand National ku Aintree mu 2022. Sam Waley-Cohen anapambana atakwera Noble Yeats, ndipo anapatsidwa chilango cha masiku 9 ndi chindapusa cha mapaundi 400 chifukwa chopitirira malire ndi kukwapula malo olakwika, koma iye anali atalengeza kale kuti umenewo unali mpikisano wake wotsiriza, motero kuimitsidwako kunalibe tanthauzo ndipo mphoto inakhalabe ya kavaloyo. Malamulo atsopano atangoyamba, kavalo wotchedwa Lunar Discovery, yemwe anamaliza pachiwiri ku Ayr, anachotsedwa pamalowo chifukwa wokwera wake anakwapula maulendo 11. Mu October 2024 kavalo wotchedwa Alphonse Le Grande anapambana mpikisano wa Cesarewitch ku Newmarket, kenako analandidwa chipambanocho komiti itawerenga maulendo 10, ndipo Jamie Powell, amene anamukwera, anaimitsidwa masiku 28. Pa apilo oweruza anapeza kuti umodzi mwa maulendowo sunali kukwapula kwenikweni, chipambano chinabwezedwa, ndipo chilango chinatsika kufika pa masiku 20. Wophunzira asatengepo phunziro lakuti apilo imapulumutsa. Aone kuti kwa mwezi wathunthu mwini kavalo, mphunzitsi ndi ogwira ntchito m'khola anali pa chikayiko chifukwa cha kugwedezeka kumodzi kwa dzanja la wokwera.

Kusapitirira chiwerengero pakokha sikukwanira, chifukwa munthu akhoza kulangidwa atakwapula kamodzi kokha ngati wakwapula molakwika. Malo ololedwa ndi kumbuyo pathako pamene pali mnofu wochindikala, kapena paphewa chikwapu chitagwiridwa choloza pansi. M'nthiti ndi m'mbali mwa mimba ndi moletsedwa, ndipo wokwera amene miyendo yake yatopa n'kuyamba kugwera kutsogolo amafika m'malo amenewa osazindikira. Mkono usakwere kupitirira phewa lanu. Mukakwapula, mupatseni kavalo mpata woponya miyendo katatu kuti muone ngati wayankha, ndipo ngati sanayankhe musabwerezenso, pakuti kavalo wosayankha akukuuzani kuti zimene anali nazo watulutsa kale. Musakwapule kavalo amene watsalira kutali moti sangapezenso malo a mphoto, amene akupambana moonekeratu, kapena amene wadutsa kale mzere womalizira.

Ena amanena kuti kavalo ali ndi chikopa chochindikala choncho samva kupweteka, koma mawu amenewa sagwirizana ndi zimene akatswiri anapeza. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2020, yemwe Pulofesa Paul McGreevy wa ku University of Sydney anatengapo mbali, anayerekeza khungu la kavalo ndi la munthu ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa kuchuluka kwa timitsempha tomva ululu pa gawo lapamwamba la khungu. Chikopa cha kavalo n'chochindikala mkati, koma ululu umayambira pamwamba, ndipo aliyense amene anaonapo kavalo akunjenjemeretsa khungu ntchentche itangotera amadziwa kuti nyamayi imamva msanga. Kafukufuku wina wa mu 2011, wa David Evans ndi McGreevy yemweyo, anapeza kuti akavalo ankathamanga kwambiri pakati pa mamita 600 ndi 400 otsala, pamene sankakwapulidwa, ndipo m'mamita omalizira, pamene zikwapu zinkachuluka, liwiro linkatsika chifukwa cha kutopa. Munthu amene wasenza thumba la chimanga pa mtunda ndipo maondo ayamba kunjenjemera sapeza mphamvu zatsopano chifukwa chakuti wina wamumenya, ndipo minofu ya kavalo nayonso ikatopa imakhala yatopa basi.

Chimene chimapambanitsa kavalo kawirikawiri ndi zimene wokwera wachita asanafike m'mamita omalizirawo: kumusunga pa liwiro loyenera, kumuika pamalo abwino pakati pa anzake, ndi kukhala wosapendekeka pamsana pake. Pa chifukwa chimenechi ku Britain kuli mipikisano ya ophunzira yotchedwa Hands and Heels (kutanthauza manja ndi zidendene), momwe chikwapu chimanyamulidwa koma chimaloledwa pokhapokha pofuna kupewa ngozi, ndipo akatswiri atayerekeza mipikisano imeneyi ndi inzake yololedwa kukwapula sanapeze umboni wakuti kukwapula kumathandiza kuwongola kavalo kapena kuchepetsa kugundana. Wophunzira azikhala nthawi yaitali pa kavalo wamakina wophunzirira, kulimbitsa ntchafu ndi msana mpaka atatha kukankha ndi manja ndi zidendene mogwirizana ndi kuponya miyendo kwa nyama, ndiponso kuzolowera kusintha chikwapu kuchoka kudzanja lina kupita kulina popanda kutaya zingwe. Kavalo akayamba kupatukira kumanzere, kumuonetsa chikwapu kumbali yomweyo nthawi zambiri kumakwanira. Pamene chikwapu chili ndi ntchito yosatsutsika ndi pamene kavalo akufuna kuzemba mpanda kapena kugwera pa mnzake, ndipo malamulo amalola oyang'anira kusawerengera ulendo umene waonekeratu kuti unali woteteza moyo.

Amene akupita kukakwera kudziko lina awerenge malamulo a kumeneko asanavale nsapato zokwerera. Dziko la Norway linaletsa kukwapula kofulumizitsa kavalo mu 1982, Sweden inachita chimodzimodzi mu 2022, pamene ku Australia amalola maulendo 5 kufikira mamita 100 otsiriza, kuchokera pamenepo n'kusiyira wokwera kuti aone yekha.

Mpikisano ukatha, ntchito imasamukira kwa wosamalira kavalo m'khola. Pomusambitsa ayendetse chikhatho pathako ndi m'nthiti mbali zonse ziwiri, chifukwa mikwingwirima ina siioneka kavalo ali ndi thukuta koma imatupa pakapita mphindi zingapo. Madokotala a ziweto a pabwalo amayang'ana akavalo akamachoka pothamangira, ndipo wokwera amene wasiya mkwingwirima amalangidwa, koma wosamalira akaupeza mochedwa auze mphunzitsi ndi dokotala, asaubise pofuna kuteteza wokwera. Aphunzitsi nawonso asamalamule wokwera kuti akwapule mpaka kumapeto. Kavalo amene kale ankathamanga mwakufuna kwake koma tsopano akuoneka ngati waulesi ayenera kupimidwa asanalembetsedwenso mpikisano wina, popeza zilonda za m'mimba, kutaya magazi m'mapapo pothamanga, kupweteka kwa msana ndi kutsimphina kosaonekera bwino ndi matenda ofala mwa akavalo a mpikisano, ndipo onsewa akhoza kuonekera mwa kutsika kwa liwiro m'mamita omalizira.