Oyilo wa m'mabotolo akutha majenereta m'madimba muno

Chilimwe chino ndayenda m'madimba kuchokera ku Ngabu kutsikira cha ku Bangula, ndipo pafupifupi paliponse ndapeza jenereta kapena injini ya pampu itagonekedwa pansi pa mtengo, atayifunditsa thumba. Ukafunsa, mwini wake amangoti yanoka, ndipo amaloza chala dziko limene injiniyo inapangidwa. Koma ndikatsegula pothirira oyilo n'kuviika chala, chimene chimatuluka ndi phala lakuda lomva mchenga ukalipekesa. Ndikafunsa kumene oyiloyo anagula, yankho silisintha: pamsika, m'botolo la chakumwa lopanda chizindikiro chilichonse.

Oyilo ameneyu ndamutsatira. Wambiri ndi wochita kukhetsa m'maminibasi ndi m'mathiraki. Amamusiya m'chigubu masiku angapo kuti zinyalala zikhale pansi, amamusefa ndi kansalu, kenako amathira m'mabotolo. Galimoto inamukana kale chifukwa mphamvu yake inatha, ndiye ife tikumupatsa kainjini kamene kamagwira ntchito yowawa kuposa ya galimotoyo.

Ganizani bwino. Injini ya galimoto ili ndi madzi oziziritsa, ili ndi fyuluta ya oyilo, ndipo imanyamula malita atatu, anayi kapena kupitirira. Kainjini ka jenereta yanu ya 2.5 kVA, kaya ndi Honda GX160 kapena zina zofanana nayo zimene zadzaza m'masitolo, kamanyamula lita 0.6 basi. Kalibe fyuluta ya oyilo. Kalibenso pampu yoyendetsa oyilo. Pali kachitsulo kunsi kwa konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafiti yozungulira) kamene kamamenya oyilo n'kumumwaza m'kati. Kamazizira ndi mphepo yokha, ndipo kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala mphepoyo imakhala ya madigiri 40 kupita m'mwamba. Kuti magetsi atuluke bwino, jenereta imazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, osapuma, kuyambira m'mawa mpaka mizere yonse itanyowa. Tizitsulo ndi mwaye zimene zabwera ndi oyilo wakale zilibe pokodwa. Zimangozungulira momwemo n'kumapala silinda ndi maringi ngati sandipepa. Poyamba utsi wabuluu, kenako pulagi kuda sabata iliyonse, kenako kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Mapeto ake konirodi imauma n'kugwira, nthawi zina kuboola injini m'mbali.

Chimene chimanditopetsa ndi kayesedwe kathu ka oyilo. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, amadontheza oyilo pachala, amapekesa ndi chala chachikulu, n'kunena kuti uyu ndiye wamphamvu chifukwa akumata. Kuyambira liti chala chinakhala chipangizo choyezera? Chifukwa cha maganizo amenewa ena afika pothira oyilo wa giyabokosi, uja wolembedwa 80W-90 wonunkha moipa, m'injini ya petulo. Oyilo ameneyu anapangidwira magiya, mankhwala ake ndi ena, ndipo m'injini samwazika mofulumira pamene injini yangodzuka kumene. Ena amatenga 2T, oyilo wosakaniza m'petulo wa kajenereta kakang'ono kotchedwa 950, n'kuthira m'injini yaikulu, poti zonse ndi majenereta. 2T anapangidwa kuti azipsa pamodzi ndi petulo, sakhala m'injini maola ambirimbiri. Zimenezi takhala tikunena pamisonkhano chaka ndi chaka, anthu amavomera ndi mitu, mawa lake ali pamsika ndi botolo.

Bambo wina wa anyezi ndi chimanga chachiwisi, amene dimba lake ndimalinyadira, anandiitana mwezi watha. Ndinamupeza atakhala pa ndowa yovundikira, injini ili pakati pa miyendo, m'mbali mwake muli bowo loti chala chachikulu n'kulowa, oyilo atadetsa dothi lonse. Anati, “Alangizi, inetu sindinalakwe. Oyilo ndimathira tsiku lililonse.” Ndinamufunsa kuti, “Nanga kukhetsa, bambo, munakhetsa liti?” Anangoyang'ana pansi. Chigulireni chaka chatha sanakhetsepo, ankangowonjezera wa m'botolo pamwamba pa wakale. Ndikuyang'anitsitsa ndinaona kawaya kakulendewera, kodulidwa ndi mpeni. Anandiuza kuti injini inkangozima yokha, ndiye mnyamata wina wodziwa za njinga zamoto anadula kawayako ndipo vuto linatha. Kawaya kameneko ndi ka chipangizo chimene chimazimitsa injini oyilo akachepa. Injini inkalira kuti ndithandizeni, iwo anayitseka pakamwa. Chimanga chinali chitangoyamba ngayaye, ndipo chinakhala masiku asanu ndi anayi osamwa madzi pamene ankafunafuna ndalama ndi zipangizo ku Blantyre. Ana ake ankatunga ndi makheni kuti apulumutse anyezi okha. Ndalama zimene ankati akupulumutsa pa oyilo chaka chonse sizinakwane ngakhale kulipira makaniko, osanena za zitsononkho zimene zinatuluka zopanda maso. Ndinachoka pamenepo mtima ukuwawa, chifukwa bamboyu si waulesi.

Ndipo si alimi okha. Ometa tsitsi, owotcherera, oonetsa mpira, onse amene amadalira jenereta magetsi akathima, akugula m'mabotolo omwewa.

Tsono chitani izi. Gulani oyilo wa m'chigubu chomata, pa filling station kapena m'sitolo yodziwika, ndipo chivundikiro mutsegule nokha. Ngati jenereta yanu ili ndi pothirira oyilo pake, ndi ya 4-stroke, yosasakaniza oyilo ndi petulo: kabuku ka Honda kamanena oyilo wolembedwa SAE 10W-30, ndipo kumalo otentha ngati kuno SAE 30 amagwira bwino. Akasowa amenewo, 15W-40 ndi wabwino kutalitali kuposa wa m'botolo. Kumbuyo kwa chigubu yang'anani pamene palembedwa API, pakhale SJ, SL, SM kapena SN; chilembo cha S ndicho cha injini za petulo. Injini yatsopano mukhetse ikakwana maola 20, kenako maola 100 aliwonse, koma m'fumbi ndi kutentha kwa kuno ine ndimati maola 50. Amene amathirira maola 5 patsiku awerengere okha kuti ndi masiku angati. Khetsani injini ikadali yofunda. M'mawa uliwonse ikani jenereta pamalo osapendekeka, yezani oyilo, afike m'mphepete mwa pothirira. Kajenereta ka 950 kalibe pothirira oyilo, kamafuna 2T wosakaniza m'petulo, nthawi zambiri 20 ml pa lita imodzi, koma onani zimene zalembedwa pathanki. Oyilo wokhetsa musatayire pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande. Amene munadula kawaya kaja, pitani nako kwa makaniko sabata ino akalumikize.